Mowa wa mango ndi hops: kuusamutsa popanda payipi kutsekeka

Pale ale (mowa wa mtundu wa golide wonunkhira hops) wa mango, malita 20, wafika pochotsedwa pa nsenga kupita m'chidebe chothirira m'mabotolo. M'katimo munalowa makilogalamu 3 a mnofu wa mango ndi magalamu 80 a hops (maluwa opatsa mowa fungo ndi kuwawa) wa timibulu, wothiridwa mowa utatsala pang'ono kusiya kuwira ndi yisiti. Hydrometer (kachipangizo kosonyeza shuga wotsala mu mowa) yaima pa 1.011 masiku atatu otsatizana. Nambalayi ikadakhala kuti ikutsikabe sindikadaugwira, chifukwa mango ali ndi shuga wambiri ndipo akalowa m'chidebe yisiti imadzukanso. Hops wothira mochedwa nayenso ali ndi ma enzyme amene amaphwanya shuga wina yemwe yisiti inali itamulephera, kotero mowa umatha kuyambiranso kuwira pang'onopang'ono inu mukuganiza kuti watha.

Zinyalala za m'chidebe chotere zili mitundu itatu ndipo khalidwe lake n'losiyana. Yisiti sivuta, ikazizira imagwirana pansi n'kukhala chete. Timibulu ta hops tikanyowa timasungunuka kukhala ufa wobiriwira; wina umamira, wina umayandama chifukwa tathovu ta mpweya tamatirira pa iwo. Wachitatu ndi ulusi wa mango, ndipo mwini mlandu weniweni ndi ameneyu. Ufa wa hops paokha umadutsa m'payipi bwinobwino. Koma ulusi uwiri kapena utatu ukapingasa pakamwa pa payipi umakhala ngati ukonde, ufa uja n'kumakodwa pamenepo, ndipo pasanathe mphindi mowa wasiya kuyenda. Mango athu ang'onoang'ono a m'midzi amanunkhira kuposa ena onse koma ulusi ndiye wosayamba. Mtundu wa Kent uli ndi ulusi wochepa, ntchito yake n'njopepukirapo.

Nkhani ya payipi kutsekeka imagamulidwa pa tsiku lothira zipatso, osati pa tsiku losamutsa. Mango musawagaye m'makina. Akagayidwa amasanduka phala lopyola m'nsalu iliyonse, ndipo phala limenelo silidikha msanga. Aduleni timagawo ta masentimita awiri, osapala pafupi kwambiri ndi nthangala pomwe pali ulusi wochuluka. Aumitseni m'firiji usiku umodzi mpaka aundane, kenako asungunuke. Kuuma kumaphwanya mnofu ndipo madzi ake amatuluka okha. Pofuna kupha tizilombo, atenthetseni pa madigiri 70 kwa mphindi 15. Asafike powira, chifukwa kutentha kwambiri kumatulutsa pectin amene amachititsa mowa kukhala wa mbuu mpaka m'botolo. Amene ali ndi pectinase (mankhwala ophwanya pectin) athire mangowo atazizira, asanalowe mu mowa, pakuti mankhwalawa sagwira bwino ntchito m'mowa waukali.

Zonse zilowe m'thumba la nayiloni la timabowo tating'ono lomwe laphikidwa m'madzi owira mphindi 10. Mango thumba lake, hops thumba lake. La hops likhale lotakasuka, timibulu tisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a thumbalo, chifukwa timafufuma kwambiri ndipo thumba lothina limauma pakati, fungo osatuluka. M'thumba lililonse muikemo masipuni awiri a chitsulo chosachita dzimbiri kapena mabo agalasi owiritsa kuti limire. Thumba loyandama limachita nkhungu pamwamba. Mangani ndi ulusi wa mbedza n'kuutulutsira kunja kwa chivindikiro. Potulutsa, kokani pang'onopang'ono n'kulisiya lidonthe lokha. Dzanja limafuna kufinya poona madzi achikasu akutsalira m'thumba, koma kufinya kumabwezera m'chidebe zonse zimene thumba linagwira.

Matumba atatuluka, chotsatira ndi kuzizira. Chidebechi chakhala m'firiji pa madigiri 2 kwa masiku atatu. Pa tsiku lachiwiri, ukawalitsa tochi m'mbali, nsenga inali itaoneka mizere: wotuwa wa yisiti pansi, wobiriwira pamwamba pake, kenako kachikasu kopyapyala. Pamwamba panalibenso choyandama. Chenjezo n'lakuti mpweya wa m'chidebe ukazizira umachepa, ndiye chidebe chimayamwa madzi a mu airlock (kachipangizo ka pa chivindikiro kotulutsira mpweya) pamodzi ndi mpweya wakunja. Chotsani airlock, pabowopo mumangepo chibaluni chomwe munachidzazitsa mpweya wa mowa womwewo uli mkati mowira. Kumene magetsi amazimazima, musatsegule firiji. Malita 20 ozizira satentha msanga. Wopanda firiji aimike chidebe m'bafa la madzi, azisinthamo mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo. Sichifika pa madigiri 2, koma ngakhale 10 amathandiza, kungoti zimatenga masiku ochulukirapo. Gelatin (ufa wolimbitsira jeli) wopanda fungo, sipuni yaing'ono imodzi yosungunula m'madzi okwana theka la kapu pa madigiri 65, amakokera pansi tinthu totsala, ndipo amagwira bwino mowa ukakhala utazizira kale.

Chidebe chikwere patebulo madzulo, kusamutsa kuchitike m'mawa. Mukachinyamula n'kuyamba pompo ndiye kuti mwavundula zonse zimene zinadikha. Madzulo omwewo ikani kathabwa ka masentimita 3 pansi pa mbali imodzi kuti chipendekeke, mowa womaliza udzasonkhane mbali yakuya. Chidebe cholandirira chikhale pansi, pamwamba pa mowa ndi potulukira payipi patalikirane theka la mita kapena kuposerapo. Payipi ya mamilimita 10 m'kati ndi yabwino pa mowa wa zipatso. Ya 8 imatsekeka msanga.

Za sefa pali chimene ambiri amalakwitsa. Amakulunga kansalu mothina pakamwa pa siphon (payipi yokokera mowa) n'kumanga ndi labala. Malo osefera amangokhala aakulu ngati kandalama kachitsulo, ndiye amadzaza nthawi yomweyo. Choipa china, mowa ukamakokedwa mokakamiza pa malo othina umatulutsa mpweya umene unasungunukamo, tathovu n'kusonkhana pokhota payipi mpaka kudula mayendedwe ake. Sefa ikhale yaikulu ndi yotalikirana ndi kamwa la payipi. Chabwino koposa ndi chubu cha waya wosachita dzimbiri cha timabowo ta 300 micron, chomwe chija amaphikiramo hops: chimizeni m'chidebe, siphon ilowe m'kati mwake. Ngati mulibe, pindani waya wosachita dzimbiri kukhala kakhola kokula ngati chibakera, muveke thumba la nayiloni, payipi ikhale pakati osakhudza nsalu. Kumapeto kotulukira mungamangenso kathumba kena kogwira zopulumuka, koma kagone pansi pa chidebe kuti kamire mu mowa msanga.

Musayambire pansi. Kamwa la siphon lilowe masentimita 10 okha kuchokera pamwamba, muzilitsitsa mowa ukamatsika, ndipo muligwiritse ndi chopanira pa mlomo wa chidebe kuti lisagwedezeke. Auto-siphon (siphon yoyambitsa pochita kupopa) ili ndi kavalavu m'munsi komwe njere imodzi ikwanira kukasiya kotsegula. Kachipewa kakuda ka kunsonga musakachotse, n'kamene kamachititsa kuti mowa ulowere chapamwamba m'malo moyamwa nsenga. Maso akhale pa payipi. Mowa ukasintha kuchoka pa golide woyera n'kuyamba kutuwa, kwezani kamwa sentimita imodzi. Ukatuwanso, pindani payipi, mwamaliza. Apa mwatsala malita awiri, ndipo matumba anamwa pafupifupi lita imodzi, kotero olowa m'chidebe chachiwiri ndi 17.

Ikatsekeka m'kati mwa ntchito musapemerere ndi pakamwa, ndiponso musapope mobwerezabwereza mu mowa. Tsekani payipi ndi chopanira, tulutsani siphon, muitsuke m'ndowa ya Star San (mankhwala ophera tizilombo) yosungunula mamililita 1.5 pa lita, muyambenso chapamwamba. Ndipo musaganize zokhuthula mowa pa sefa monga timachitira ndi masese. Masese amamwedwa akadawira, masiku ochepa. Pale ale akhala m'botolo masabata, ndipo mpweya umene angamwe pokhuthulidwa umamudetsa mtundu, fungo la hops n'kuzilala, kukoma n'kukhala kwa katoni yonyowa. Amene chidebe chawo chili ndi kampopi m'munsi atsegule pang'ono, makapu awiri oyamba ataye pambali, kenako alumikize payipi yofika pansi pa chidebe cholandirira.

Shuga wa m'mabotolo, wopatsa mowa thovu, awerengeredwe pa malita amene asamukadi. Pa magalamu 6 pa lita, malita 17 afuna magalamu 102, osati 120. Muwiritseni m'kapu imodzi ya madzi, ayambe iyeyo kulowa m'chidebe cholandirira kuti mowa ukamatsika uzisakanikirana naye wokha. Kandodo kothirira m'mabotolo kali ndi kasipuling'i kunsonga. Kakayamba kudontha ndiye kuti kachidutswa kakakamira, masulani mutsuke. Tizidutswa tolowa m'botolo n'timene timachititsa mowa kufwamphuka thovu mukangotsegula, chifukwa mpweya umayambira pa ito. Mabotolo awiri omaliza ndawalemba chizindikiro pa chitsekerero kuti adzatsegulidwe oyamba, atazizira bwino.

Chidebe chotsatira chikhala cha magalagadeya. Kumeneko ulusi kulibe, vuto ndi njere, ndipo njerezo zidzasefedwa madzi ake asanalowe mu mowa, thumba lidzangotsalira hops.