Mpeni wa ku France ndi tambala wa apongozi

Anthu ena akamatuluka m'nyumba amasisita thumba kuona ngati foni ilimo. Ine ndimasisita mpeni. Kuyambira ndili mnyamata sindiyenda popanda kampeni kopinda, kosendera nzimbe, kudulira linya, kusongolera pensulo ya mwana.

Odwala matenda amenewa tilipo anayi, ndipo timakumana Loweruka pa bawo kuseri kwa golosale ina ku Ndirande. Bawoyo ndi dzina chabe. Tikangokhala pansi mipeni imatuluka, ndipo mukatiyang'ana mikono yakumanzere mupeza cheya chinatha kalekale, chifukwa aliyense amayesera pomwepo kuthwa kwa mpeni wake. Pali madala ena amene anakagwira ku migodi pa Theba. Iwowo ndi a mipeni ya Okapi basi. Wawo anabwera nawo kuchokera ku Joni, ndipo sachedwa kutikumbutsa kuti ndi wa ku Solingen ku Germany, osati awa anayamba kupangidwa ku South Africa mu 1988. Winanso ali ndi Victorinox wofiira uja, wokhala ndi kasizasi ndi chotokosera m'mano, koma chiugulireni ndangomuona akutsegulira mabotolo.

Wanga ndi Opinel nambala 8, amene msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku Cape Town. Ndinaloweza mbiri yake ngati katekisimu: wa ku Savoie ku France, anayamba kuupanga mu 1890, chigwiriro chamtengo, ndipo kamphete kachitsulo kozungulira pakhosi pake anakawonjezera mu 1955 kuti mpeni usakupindikire pa zala. Ndinkalalikira zimenezi Loweruka lililonse mpaka madala aja anandifunsa kuti, "Achimwene, zonsezo tamva. Koma mpeni wa ku France umaidziwa nkhuku yachikuda?" Ndinaseka kwambiri.

Khirisimasi itafika tinapita kwao kwa mayi a kunyumba ku Mulanje. Mvula inali itagwa usiku wonse, phiri silinkaoneka n'komwe. Titapuma pang'ono, apongozi aakazi anatuma ana kugwira tambala wofiira wamalipombo aatali, n'kunena ali chapatali kuti, "Ndiwo ndi zimenezo, bambo." Mlamu wanga anabwera ndi mpeni wa pakhomopo, wopanda chigwiriro, womangidwa mphira kumapeto, wakuda bii ngati wochokera m'phulusa. Ndinauyang'ana mwachifundo.

"Alamu, sungani umenewo. Ndili ndi wanga."

Ndinaponda mapiko ndi phazi limodzi, miyendo ndi linalo, n'kutulutsa Opinel pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Ana anandizungulira. Apongozi aamuna anasuntha mpando wawo wandalema kuti aonere bwino. Ndinalowetsa chikhadabo pakamzera kotsegulira mpeniwo n'kukoka.

Mpeni zii.

Ndinakokanso. Chikhadabo chinabenthuka. Tambala anandiyang'ana ndi diso limodzi, ngati akufunsa kuti nanga tikudikira ndani.

Apa m'pamene maphunziro anga a pa bawo anandipweteka. Ndinkadziwa kuti chigwiriro chamtengo chikamwa chinyontho chimafufuma n'kufinya chitsulo, ndipo eni ake ku France amagogoda kumapeto kwa chigwiriro pa chinthu cholimba kuti nsonga itumphuke. Ndiye ndinayamba kufotokozera mudzi wonse zimenezi, ndili chiweramire pa tambala, kuti vuto ndi nyengo ya kuno ku Mulanje. Ndinaitanitsa mtondo. Anaukunkhuniza kuchokera kukhitchini. Ndinagogoda kamodzi, kawiri, kakhumi, mpaka mayi wina wa nyumba yoyandikana anasuzumira kuti aone amene akusinja pa tsiku la Khirisimasi. Ndinayesanso ndi mano. Mayi a kunyumba anangolowa m'nyumba, ati kukaona madzi pamoto, chonsecho moto unali panja.

"Ungofunika kuuma pang'ono," ndinatero, n'kutambasuka kuti ndiuike pafupi ndi mafuwa.

Potambasukapo phazi linanyamuka.

Tambala uja sanatsanzike. Anadutsa pansi pa nkhokwe, n'kulowa m'munda wa chimanga, ine pambuyo ndi nsapato zanga zakutchalitchi. Ana akukuwa "Uyo! Uyo!", galu akuuwa osadziwa kuti ali mbali ya ndani. Amene anayendapo pa dothi lofiira la kumeneko mvula itagwa akudziwa zimene zinatsatira. Pa mzere wachitatu miyendo inapita kumwamba, ndipo ndinamva thalauzi likulankhula kumbuyo. Tambala anamugwira ndi mlamu wanga, ali chiimire, atangomwaza madeya pang'ono.

Ndinabwerera pabwalo chammbali ngati nkhanu, dzanja lili kumbuyo. Pakhonde panali kamtsikana ka mlamu wanga, ka sitandade 2, kakusenda bango mwakachetechete. Ndi Opinel wanga. Wotsegula bwinobwino, akung'anima.

"Iwe, wautsegula bwanji?"

"Ndangopotokola aka," kanatero, kakuloza kamphete kaja.

Kamphete komwe ndinkakatama Loweruka lililonse. Kamatsekanso mpeni ukakhala wopinda, ndipo ndinakumbukira nthawi yomweyo kuti ndinakapotokola ndekha m'minibasi pa Limbe, titapanikizana anayi pampando, poopa kuti mpeni unganditsegukire m'thumba.

Apongozi aamuna sananene kanthu. Anatenga mpeni wa mphira uja, anaunola kanayi pamwala wa pakhonde, ndipo nkhani ya tambala inathera pomwepo. Ine ndinadya nkhomaliro nditamanga chitenje cha mayi a kunyumba m'chiuno, thalauzi lili kwa telala. Anandipatsa nthutumba monga mlendo wolemekezeka, koma inkandikakamira pakhosi.

Ndinawachonderera mayi a kunyumba kuti za ku Mulanje zitsale ku Mulanje. Anavomera ndi mtima wonse, ndipo anangouzako mnzawo mmodzi wa ku kwaya, amene ndi mkazi wa mwini Victorinox uja.

Loweruka lotsatira ndinapeza anzanga atafika kale, ali phee, maso pa bawo ngati anthu osewera zenizeni. Madala aja anapisa m'jumbo, natulutsa bango lalikulu lakupsa, n'kuliika patsogolo panga.

"Achimwene, tatisenderani. Kapena tiitane mwana?"