Sabata imodzi mumzinda waukulu, miyendo yalira

Ndangovula nsapato pompano, zala zonse matuza okhaokha. Sabata yathunthu ndimathamangira malo asanu pa tsiku ngati wina akundipirikitsa. Pofika Lachitatu ndinali nditatheratu, ndipo zambiri zomwe ndinaona sindikuzikumbukanso.

Anzanga amene mukupita mwezi wamawa, musatengere ine. Malo awiri oyandikana pa tsiku akwana. Tsiku loyamba gulani tikiti ya sabata yonse ya basi kapena sitima ngati ilipo. Mapu a Google Maps muwasungiretu mufoni muli pa Wi-Fi, poti m'masiteshoni apansi netiweki imathawa. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatseka Lolemba, ine ndinakangoima pachitseko kukamwa yasa.

Koma nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba, chonde. Zanga zili apa, ndikungoziyang'ana ndi mkwiyo.