Dzenje la nambala 17 ndi masamu amene anandinamiza

Aphunzitsi athu a statistics atatipatsa ntchito yoti aliyense apeze manambala a chinthu chimene amachikonda n'kuwasanthula, anzanga anathamangira mitengo ya nyumba, ena mvula, ena mpira. Ine ndinatenga disc golf, chifukwa chibwerereni kuno ku America, Loweruka lililonse ndimakhala m'paki ina kuseri kwa sukulu yathu, kuponya chimbale cha pulasitiki n'kumakachisaka m'tchire. Funso langa linali lalifupi: pa mabwalo amene akatswiri amapikisanapo, dzenje lovuta kuposa onse ndi liti? Ndinkati ndimaliza usiku umodzi. Landidyera masabata atatu.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, ndi gofu wopanda ndodo, wopandanso mpira. Umaima poyambira n'kuponya chimbale, kulondola pamene chagwera, kuponyanso, mpaka chikalowe m'dengu lachitsulo lokhala pamzati, lokhala ndi maunyolo olendewera oti achigwire. Dengu lotere analipanga ndi Ed Headrick m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi yemwenso anayambitsa bungwe loyang'anira masewerawa la PDGA mu 1976. Dzenje lenileni palibe, dzinalo anangolibwereka ku gofu ndipo linakanirira. Dzenje lililonse lili ndi par yake, kutanthauza kangati kamene wodziwa masewera ayenera kuponya kuti alowetse. Ukachepetsa ndi kamodzi wapeza birdie. Wopambana ndi amene waponya kochepa.

Yankho langa loyamba linali la mwana wa sukulu wakhama. Ndinati dzenje lovuta ndi limene avereji ya osewera imapitirira par kwambiri, basi. Ukatsata muyeso umenewu, dzina limene limangobwerabwera ndi dzenje la nambala 12 pa bwalo la Northwood Black, ku Morton m'chigawo cha Illinois, kumene kumachitikira mpikisano wa Ledgestone. Ndi par 5, kutalika kwake n'kopitirira mamita 300, ndipo njira yonse yadutsa m'nkhalango yothithikana. Mpata ndi wopapatiza, wokhotakhota, moti mphamvu za mkono sizikupindulira kanthu. Chimbale chikangokhudza nthambi n'kulowa m'thengo, kuponya kotsatira kumangokhala kozitulutsira m'minga. Akatswiri ambiri amamaliza pamwamba pa par, ndipo birdie pamenepa ndi mlendo. Ndinalemba ndime ziwiri, ndinajambula galafu, ndinati ntchito yatha.

Chinandisokoneza ndi kanema wa mpikisano wa chikho cha dziko la America wotchedwa USDGC wa mu 2014. Mpikisanowu umachitika chaka ndi chaka kuyambira mu 1999 pa bwalo la Winthrop, ku Rock Hill, South Carolina. Dzenje la nambala 17 kumeneko n'lalifupi, par 3, silikwana n'komwe mamita 80. Ngakhale ine wa manja lendene mtunda umenewo ndimaukwanitsa. Koma dengu lili pa kachigawo kamene amakatcha chilumba: kutsogolo atchinga ndi mitolo ya udzu wouma, kumbuyo kuli nyanja. Chimbale chikagwera kunja kwa chilumbacho, kupatula pa kamalo kena kotetezeka kosafika pa mitoloyo, ndiye kuti watuluka m'malire, akuwonjezera kumodzi ngati chilango.

Chaka chimenecho JohnE McCray, bambo woti anali atadutsa kale zaka 40, anafika pa dzenje limeneli tsiku lomaliza akutsogola bwinobwino, atangotsala ndi maenje awiri kuti atenge chikho. Anaponya, chinaphonya chilumba. Anaponyanso ali pomwepo, chinaphonya. Kachitatu, chimodzimodzi. Pa dzenje la par 3 analemba 8. Mpikisano unathera pa kulimbana kwapadera kwa anthu atatu amene anafanana mphamvu, iyeyo, Paul McBeth ndi Will Schusterick, ndipo chikho chinapita kwa Schusterick. Kanemayo ndinamuonera kawiri, kachitatu ndinatseka, mtima sunalole.

Apa m'pamene avereji inayamba kundichititsa manyazi. Mukatenga osewera onse pa dzenje la 17, ambiri amalemba 2 kapena 3, ndiye avereji siioneka yoopsa. Munthu wongowerenga avereji anganene kuti ndi dzenje laulemu. Koma mkati mwa avereji yomweyo mwabisala ma 5, ma 6 ndi 8 wa McCray. Northwood 12 imadula aliyense pang'onopang'ono ngati msonkho wa pamsika, moti ukalemba 6 sutsalira kwenikweni, anzako ambiri alipiranso. Winthrop 17 ambiri imangowasiya adutse, n'kugwira mmodzi kumulanda zonse. M'kalasi tinali titaphunzira kale za standard deviation, muyeso wa mmene manambala amwazikirana, ndipo mayeso ake ndinakhoza. Koma kuimvetsa ndinaimvetsera pa nkhope ya bambo ameneyu akutulutsa chimbale chachinayi m'chikwama.

Ndiye ndinati ndichite masamu anga. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, ndinawapeka ndekha kuti ndione mmene zimayendera. Pa lamulo loti ukaphonya ubwerere poyambira, kuphonya kulikonse kumakudyera kuwiri: kuponya komwe kwatayikako ndi chilango. Tinene kuti munthu amagwetsa pachilumba ka 8 pa ka 10 alionse. Zimene amataya pa avereji ndi 2 kuchulukitsa ndi 0.2 kugawa ndi 0.8, zomwe ndi 0.5. Ngati akafika pachilumba amamaliza ndi 2.5 pa avereji, zonse pamodzi ndi 3. Wina wogwetsa ka 6 pa ka 10 amataya 1.33, n'kufika pafupifupi 3.8. Komatu pa dzenjeli pali njira ina ya amantha: kuponya pafupi dala, pamalo otetezeka paja, kenako kudumphitsa mitolo ija n'kulowetsa, kulemba 3 kapena 4 zikavuta. Masamu akuti wa 8 pa 10 alimbe mtima, wa 6 pa 10 aganize kawiri, ndipo amene akutsogola kwambiri pa tsiku lomaliza alibe chifukwa choyesera n'komwe, chifukwa iye chimene akuopa si avereji koma tsoka lalikulu lija.

Ndinawerengeranso mwayi woti katswiri wa 8 pa 10 aphonye katatu motsatizana: 0.2 kuchulukitsa katatu, 0.008. Ka 8 pa 1,000. Ndinalemba monyadira kuti zimene zinamugwera McCray ndi ngozi yosowa kwambiri.

Aphunzitsi anabweza pepala atazunguliza 0.008 uja ndi cholembera chofiira, pambali atalemba funso limodzi: kodi woponya kachiwiri ndi munthu yemwe uja anaponya koyamba? Ndinakhala kakasi. Kuchulukitsa kotero kumaloledwa pokhapokha ngati kuponya kulikonse n'koima pakokha, ngati kuponya ndalama m'mwamba. Ndalama siikumbukira kuti yagwa bwanji mphindi yapitayo. Mkono umakumbukira. Ukaphonya koyamba anthu mazanamazana akuonerera, kachiwiri umagwira chimbale molimba kuposa kale, umachedwa kuchisiya kapena kufulumira, ndipo 8 pa 10 uja salinso wako.

Sindinakhutire, ndinakayesa ndekha. M'paki mwathu muli dzenje limene umadumphitsa dziwe, mtunda wa mamita ngati 55. Ndinapita kaye pa bwalo la mpira, ndinayeza mtunda womwewo ndi mapazi n'kuikapo juzi. Pa kuponya ka 20, ka 17 ndinadutsa juzi mosavuta. Loweruka ndinaima m'mphepete mwa dziwe ndi zimbale zitatu. Choyamba, chubwi! Chachiwiri ndinachiponya ndi ukali, chinakwera m'mwamba ngati khwangwala, mphepo n'kuchikankhira kumanzere, chubwi! Chachitatu ndinachibweza m'chikwama n'kuzungulira dziwe wapansi. Mkulu wina wa imvi amene amasewera pamenepo m'mawa uliwonse anandipeza ndikusuzumira m'madzi. Anaseka, n'kundiuza kuti iwo pa dzenje limeneli amatenga chimbale chakale chimene sachikonda, chifukwa ukamaponya chimene umachidandaula, maso amakhala pamadzi osati padengu. Anandibwereka ndodo yawo yayitali yovuulira. Tinavuula chimodzi.

Anandifotokozeranso za mphepo, zimene buku langa la masamu silinena. Munthu wa dzanja lamanja akaponya mwa backhand, kutanthauza kukoka chimbale modutsa pachifuwa kuseri kwa dzanja kutatsogola, chimbale chimazungulira ngati mivi ya wotchi, ndipo liwiro likamatha chimagwera kumanzere. Mphepo ikamachokera kutsogolo, chimbale chimachita ngati chathamanga kuposa mmene wachiponyera, ndiye chimanyamuka n'kupendekera kumanja. Ikamachokera kumbuyo imachikanikizira pansi, chimagwa msanga. Pamadzi palibe mitengo yotchinga, choncho maenje a m'mbali mwa nyanja amasintha khalidwe pakati pa m'mawa ndi madzulo. Avereji ya tsiku lonse imaphatikiza anthu amene anasewera maenje awiri osiyana okhala ndi nambala imodzi.

Pali mkangano wina umene ndinaupeza m'njira, woti kuvuta kwenikweni ndi kuti, kwa mitengo kapena kwa zingwe. Winthrop ndi malo a yunivesite, mbali yaikulu ndi kapinga woyera, ndiye okonza mpikisano amamanga zingwe zosonyeza malire kuti bwalo lilume. Dzenje lawo lotchuka lotchedwa 888, dzina lochokera ku kutalika kwake m'mafiti, pafupifupi mamita 270, limaopsa chifukwa cha malire oterewa. Ena amati kumeneko n'kuvuta kochita kupanga. Poyamba ndinkagwirizana nawo, pano ayi. Mtengo umalanga mwachisawawa: awiri aponya molakwika mofanana, wina chimbale chikhudza khungwa n'kubwerera panjira, wina chikathera m'chigwa. Chingwe chilibe tsankho, aliyense amachiona asanaponye ndipo chilango chake amachidziwa. Kuonerera ndimakonda nkhalango, koma pofuna kuyeza luso ndi mtima, chingwe chimanena zoona kuposa nthambi. Maple Hill ya ku Leicester, Massachusetts, yomwe ili pa famu ya mitengo ya Khirisimasi, ili nazo zonse ziwiri, maiwe ndi nkhalango, ndipo mwina n'chifukwa chake osewera amaitamanda chonchi.

Chimene chinanditsimikizira kuti maenje aafupi a chilumba ndiwo amagamula milandu ndi mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mu 2021 ku Ogden, Utah. Anthu amakumbukira dzenje la 18 pa bwalo la The Fort, pamene James Conrad, atatsalira ndi kumodzi, analowetsa ali pa mtunda wa mafiti 247, pafupifupi mamita 75, n'kufanana ndi Paul McBeth. Koma chikho sichinaperekedwe pamenepo. Kuti papezeke wopambana, awiriwa anabwerera pa dzenje la 16, la chilumba, par 3. Cha Conrad chinakhala pafupi ndi dengu, cha McBeth chinatuluka m'malire. Ameneyo ndi McBeth woti pa nthawiyo anali atatenga kale ukatswiri wa dziko lonse lapansi kasanu, ndipo mu 2018 anamaliza bwalo la Toboggan ku Michigan ali 18 pansi pa par. Mphindi zochepa m'mbuyomo chikho chinali ngati chili kale m'manja mwake. Kodi amene anaima pa 16 anali munthu yemweyo?

Pepala langa ndinalilembanso. Muli magalafu awiri tsopano, wina wa avereji, wina wa kumwazikana, ndipo Northwood 12 ndi Winthrop 17 aliyense watsogola pake. 0.008 uja sindinamufufute, ndinangomulemba mzere pakati n'kusiya funso la aphunzitsi pambali pake mmene analilembera. Chimbale chachiwiri chija chikadali m'dziwe, ndipo mkulu uja akuti madzi akaphwa mu Ogasiti tikayesenso ndi ndodo.