Tabwerako ku Marka ndi ku Chitipa, zikomo inu munatisunga ife ndi agalu athu

Abale ndi alongo, tafika. Ine, mayi a kunyumba ndi agalu athu awiri, Kachewere ndi Namondwe, tili pakhomo pathu kuno ku Dedza, tonse anayi amoyo. Tinanyamuka chimanga chili m'mikukwe, tabwera anthu akuunda mizere kudikira mvula ina. Nthawi yonseyo nyumba yathu inali kanyumba ka pamwamba pa pikapu, ndipo tinakagona ku Marka, kumalire a Nsanje, tinakagonanso ku Chitipa. Mwakhala mukufunsa pa Facebook kuti nkhalamba ziwiri zopuma pa ntchito zinakwanitsa bwanji. Panali anthu ambiri kumbuyo kwake. Mayina sindilemba, chifukwa ena sangakonde kutchulidwa pagulu, koma aliyense adzizindikira yekha.

Ndiyambe ndi amisiri a pa Dedza boma amene anamanga kanyumbako pa Hilux yathu yakale ija. Bambo owotcherera anachita mafupa ake ndi machubu achitsulo, kunja malata, ndipo akalipentala anakhoma matabwa a paini wa kuno kwathu mkati monse. Bedi lili m'mwamba, agalu amagona kunsi kwake, mawindo ndi awiri oyang'anana okhala ndi sefa kuti mphepo izidutsa koma udzudzu usalowe. Padenga pali sola yodyetsa batire limodzi, la magetsi awiri, kafani ndi kutchaja mafoni basi. Chimene ndikuthokoza kwambiri ndi kuuma mtima kwa bambo owotcherera aja pa nkhani ya kulemera. Anati thanki ya madzi ikhale pansi, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, ndipo denga lisatalike, chifukwa katundu akakwera m'mwamba galimoto imayendera mbali pa makona. Tinakayesa limodzi ku Khwekhwelere, kutsika mpaka pa Golomoti ndi kukweranso, thanki itadzaza. Iwo anakhala kutsogolo akumvetsera phokoso lililonse, ndipo titabwera anawonjezera mabawuti. Ku Thabwa, ku Chiweta ndi m'mapiri a ku Chitipa kanyumbako sikanasunthe ngakhale pang'ono.

Ku ofesi ya za ziweto anawabaya agalu katemera wa chiwewe, anadinda makadi awo ndi kutilembera kalata yoyendera. Makadi amenewo ndi amene anatigoneka m'midzi yambiri. Pa rodibuloko apolisi ambiri ankangoseka poona galu atatulutsa mutu pawindo, koma amfumu saseka. Mudzi uliwonse uli ndi nkhani yake ya mwana amene analumidwa ndi galu wachilendo, ndipo anthu akudziwa kuti chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu palibenso mankhwala. Ku Blantyre, kumene a Mission Rabies akhala akubaya agalu kuyambira 2015, ngakhale ana ankatifunsa ngati athuwa anabayitsa. Kwina ndinkachita kutulutsa khadi ndekha ndisanapemphe malo, ndipo nkhope ya amfumu inkamasuka akaona chidindo.

Pamenepa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Kuno kwathu galu ndi mlonda kapena wosaka, amagona panja, amadya mkute. Galu wokwera galimoto, wogona kunsi kwa bedi la mbuye wake, kwa ambiri ndi nthabwala, kwa ena ndi chinthu chonyansa ndithu. Sindinapite kukasintha maganizo a munthu, ndipo amene ndikuwathokoza kwambiri si okonda agalu anzanga ayi. Ndi aja amene galu samufuna n'komwe koma anatipatsabe malo.

Ku Mangochi tinafika dzuwa litapendeka pamudzi wa Asilamu okhaokha. Amfumu anaitana mkulu wa pamzikiti, anakambirana m'Chiyao, kenako anatiuza zoona zake mosapsatira mawu: galimoto iime patali ndi njira ya kumzikiti ndi ku mjigo, agalu akhale omanga, mbale zawo zisasakanikirane ndi ziwiya za pakhomo. Tinavomera, chifukwa anali ndi ufulu wongotiuza kuti tipitirire. Madzulo ake mayi a pakhomopo anatumiza mwana ndi mpunga ndi utaka, ndipo m'mawa tinapeza ndowa ya madzi ataiika chapatali, pomwe unyolo wa agalu sufika. Atatsanzikana nafe, bambo a pakhomopo anatilozera njira yachidule ndi kutichenjeza za mchenga wa pa mtsinje wina wouma. Agaluwo sanawayandikire mpaka tinachoka. Ulemu wotere ine ndimauwerengera pamwamba kuposa wa munthu amene akusisita galu wanga chifukwa choti amakonda agalu kale. Ndipo kwa anzanga amene mukufuna kuyenda ndi galu: unyolo si nkhanza, ndi msonkho wanu pamudzi wa eni. Nkhuku imodzi yokha ikagwidwa, mlendo wobwera pambuyo panu sadzapatsidwanso malo.

Ku chigwa cha Shire tinapita dala nyengo yozizira, koma kuzizira kwa ku Nchalo ndi ku Bangula ndi chilimwe cha ku Bembeke. Galu satuluka thukuta thupi lonse, amadziziziritsa ndi wefuwefu, choncho kanyumba ka malata kotseka kakhoza kumupha msanga kwambiri. Tinkanyamuka mbandakucha, dzuwa likafika pamutu tili kale pamthunzi, zitseko zonse pululu. Zikomo amayi a pamsika wina kupitirira Ngabu amene anasuntha malonda awo kuti pikapu ilowe pansi pa mtengo, n'kunyowetsa chiguduli kuti agalu agonepo. Zikomonso asodzi a ku dambo la Ndindi amene anatithamangira akukuwa kuti agalu asatsikire kumadzi. Ng'ona za kumeneko zimamudziwa galu, ndipo kuyambira tsiku limenelo, ku Shire ngakhale kunyanja pafupi ndi mathiriro a mitsinje, athuwa ankamwera m'beseni. Ku Phalombe ndi ku Mulanje tinaona ndi maso athu miyala imene namondwe wa Freddy anagubuduza m'mwezi wa Malichi 2023, ina ikadali m'minda mwa anthu. Banja lina limene likumangabe nyumba linatipatsa bwalo lawo ndi nandolo wophika. Tinachita manyazi polandira, koma kukana kukanakhala chipongwe.

Vuto lalikulu linatipeza kunyanja. Tinagona masiku angapo kumpoto kwa Nkhotakota boma, chakufupi ndi mtsinje wa Bua, osati kutali ndi malire a nkhalango yosungirako nyama ija imene a African Parks anayamba kuyang'anira mu 2015, komwe anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Kumene kuli nyama zakutchire kulinso kashembe, ntchentche ija yofalitsa kaodzera. Anthu timamva kuluma kwake n'kuiphwanya, galu amangodzikanda. Tili ku Chintheche, patapita sabata ndi masiku, Namondwe anasiya kudya. Thupi linatentha, nkhope inatupa, nkhama zinayera, kenako diso limodzi linachita chifunga. Usiku umenewo mayi a kunyumba anagona pansi pamodzi naye, ine ndinakhala pa sitepe ya kanyumba mpaka kunacha.

Mnyamata wa kabaza wanjinga yamoto, amene tinangokumana naye pogula usipa, ndi amene anapita kukatenga alangizi a ziweto kwawo, kunja kusanayere bwino. Alangiziwo anayang'ana nkhama ndi diso, anafunsa kumene tinagona masabata apitawo, ndipo nditangotchula Bua anagwedeza mutu. Sanathamangire jakisoni. Anati zizindikirozo zimafanana ndi za matenda a nkhupakupa, ndiye anatenga kadontho ka magazi kukhutu, anapaka pagalasi, n'kutiuza kumene tikapimitse ku Mzuzu. Anatiuzanso chinthu chimene aliyense woweta galu ayenera kumva: mankhwala a diminazene, amene alimi ambiri amawadziwa ngati Berenil ndipo amabayira ng'ombe, kwa galu ndi oopsa mukapyola muyezo pang'ono pokha, amatha kuononga ubongo. Amafuna kumuyeza kulemera galuyo kaye, ndipo si obwereza mwachisawawa. Anabwereka sikelo ya chingwe kwa wogula mpunga, tinamukoleka Namondwe m'thumba, ndipo muyezo unawerengedwa pamenepo. Tinakwera phiri kupita ku Mzuzu tsiku lomwelo, magazi anaonetsa tizilombo ta kaodzera tija, ndipo dokotala wa kumeneko anagwirizana ndi zonse zimene alangizi aja analemba pakapepala. Inu bambo a ku Chintheche, munalandira ndalama ya mafuta ndi ya mankhwala yokha, munakana zina zonse, ndipo munkaimba foni mpaka tili ku Karonga kufunsa ngati akudya. Akudya, bambo. Diso linayera, ngakhale dokotala anati tizimuyang'anira chifukwa matendawa amatha kubwerera.

Ku Mzuzu tinakhalitsa kudikira kuti galuyo apeze mphamvu, ndipo banja lina la mumpingo, lomwe tinalumikizana nalo kudzera mwa abusa athu kuno, linatitsegulira geti. Ndi iwo amene anatiphunzitsa kusayanika zofunda za agalu pansi ndi kusawagoneka pa dothi lonyowa chifukwa cha mphutsi zija zolowa m'khungu. Analinso ndi mlamu wawo ku Bolero amene anasunga agalu onse awiri pamene ife tinkakwera ku Nyika kudzera pa geti la Thazima, poti m'mapaki agalu saloledwa. Lamulo limenelo ndimagwirizana nalo, galu akhoza kupatsira nyama zakutchire matenda, komanso kwa kambuku iye ndi ndiwo chabe. Mayi a ku Bolero anawaphikira mgaiwa wosakaniza ndi bonya, ndipo titabwera Kachewere anachita kukokedwa kuti akwere galimoto.

Za mafuta sindinena zambiri, nonse mukudziwa mizere ya pa filing'i siteshoni ndi mmene mitengo yakhalira chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndingothokoza madalaivala a mathiraki amene anandilowetsa m'gulu lawo la WhatsApp, momwe ankauzana kumene dizilo wafika. Wina wa iwo anagona nafe pamzere ku Karonga, ndipo ndi amene anali atandikumbutsa kale kuti pa Chiweta potsika ndi giya yaing'ono, osadalira mabuleki, maka galimoto itasenza nyumba. Zikomonso makanika wa ku Chitipa amene anachotsa sipuling'i yothyoka ndi kuikamo ina ya pa galimoto yakufa, ntchito yonse pansi pa mtengo wa mango, jeke yake ili yobwereka. Chichewa chake ndi Chilambya changa zinakumana pakati, ndipo sipuling'iyo yatifikitsa kudzera ku Chikangawa, Kasungu ndi Lilongwe mpaka kuno.

Akwathu musaone ngati ndakuiwalani. Alamu anga anasamukira pakhomo pano, anasamala nkhuku ndi mbuzi, anakumba kachewere wa kudimba n'kukagulitsa pa Lizulu, ndipo ndalama yake tinaipeza yolembedwa m'kope mpaka kakobiri komaliza. Ana athu anaukana ulendowu poyamba, wamkulu anachita kubwera kuchokera ku Lilongwe kudzatiletsa, koma ndi iye yemweyo amene ankatumiza kangachepe pafoni mwezi ukatha ife tisanapemphe. Amayi a chigwirizano ankatipempherera ndi kutitumizira nyimbo za Lamulungu. Amfumu a mudzi wathu anatilembera kalata yotidziwitsa kwa mafumu anzawo, ndipo m'madera ambiri kalatayo inkawerengedwa mokweza anthu ali chete. Panali maliro awiri a pamudzi amene anachitika tili kutali. Mabanja onse awiri tawayendera kale kukapepesa, ndipo tikuthokoza kuti anatilandira opanda mawu.

Mayi a kunyumba akana kuti ndiwatchule, koma ndiwatchulabe. Ndi iwo ankasunga thumba la ndalama, ankafufuza nkhupakupa m'makutu ndi pakati pa zala za agalu madzulo aliwonse, ankaphika pa kambaula mphepo ya mwera ikuwomba, ndipo theka la msewu wa Karonga kupita ku Chitipa anayendetsa ndi iwo msana wanga utakana. Pamudzi uliwonse amene ankayamba kupita ku mjigo kukacheza ndi amayi anzawo ndi iwo, ndipo nthawi zambiri malo ogona ankapezekera komweko, ine ndisanamalize n'komwe malonje kwa amfumu. Zikomo mayi.

Adzukulu atiumiriza kuti ulendo wotsatira ukhale wapafupi, tikawaonetse zojambula za pamiyala ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, poti ifeyo tazungulira dziko lonse koma iwo sanafikeko pakhomo pomwepa. Zimenezo zidikira Disembala sukulu zikatsekera. Pakadali pano kanyumbako katsitsidwa sabata yamawa, chifukwa alamu akufuna pikapu itute manyowa mvula isanagwe. Amene munapempha kudzaona mkati mwake ndi kujambula miyezo, bwerani Loweruka lisanafike, tiyi alipo. Zithunzi za ku Marka ndi za ku Nyika ndiziika netiweki ikalola.