Lipoti la ulendo wa alimi a nkhuku ku labotale ya ziweto ku Lilongwe

Gulu lathu la alimi oweta nkhuku za nyama ndi za mazira linapita ku labotale yoyeza matenda a ziweto ku Lilongwe, pofuna kumva chifukwa chake mankhwala amene kale ankachiza nkhuku zotsegula m'mimba, makamaka oxytetracycline (antibayotiki, kapena kuti mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, wa m'gulu la tetracycline), sakugwiranso ntchito m'makola ambiri. Mamembala ena ananyamuka akuumirira kuti mankhwala a masiku ano ndi achinyengo basi.

Katswiri amene anatilandira anatulutsa kambale kokhala ndi chakudya cha tizilombo, momwe anapakamo mabakiteriya a E. coli ochokera m'nkhuku yakufa, n'kuikamo timapepala tozungulira tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana. Kambaleko katagona usiku m'makina ofunditsa, kanachita mbuu ndi tizilombo, kupatula pozungulira timapepala tina pomwe panatsala poyera, kusonyeza kuti mankhwalawo akadali ndi mphamvu. Pa kapepala ka tetracycline tizilombo tinamera mpaka kukagunda kapepalako.

Anafotokoza kuti m'matumbo a nkhuku muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo pakati pawo simulephera kukhala ochepa obadwa ndi njira yodzitetezera: ena amatulutsa madzi oswa penicillin, ena amalavula tetracycline asanawavulaze. Mlimi akasungunula mankhwala ochepa m'madzi akumwa pofuna kuti paketi ikhalitse, kapena akasiya kupereka nkhuku zikangoyamba kudya, ofooka amafa koma olimba aja amatsala, ndipo popeza E. coli atha kugawikana pawiri pa mphindi 20 zokha, sachedwa kudzaza khola. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza kale za kuchepetsa mlingo kumeneku mu 1945.

Chimene chinatidabwitsa kwambiri n'chakuti mabakiteriya amapatsirana luso limeneli kudzera m'tizidutswa ta DNA totchedwa plasmid, ngakhale akhale a mitundu yosiyana. Mu 2015 akatswiri ku China anapeza jini (kachigawo ka DNA) ya mcr-1 mu E. coli wa m'nkhumba, yomwe imalepheretsa colistin, mankhwala amene madokotala a anthu amasungira odwala omwe mankhwala ena onse akanika. Dzikolo linaletsa kuthira colistin m'zakudya zonenepetsa ziweto mu 2017, pamene mayiko a European Union anali ataletsa kale maantibayotiki onenepetsera mu 2006. Kwathu kuno zitosi za nkhuku, momwe mumakhala mabakiteriya amenewa, timakathira kudimba, choncho nkhaniyi simathera m'khola.

Mtsutso unabuka pa chitopa. Mayi wina anafunsa kuti, "Nanga adokotala, makapisozi aja timamasulira m'madzi nkhuku zikayamba kuwodzera bwanji?" Anayankhidwa kuti chitopa ndi gumboro zimayamba ndi mavairasi, amene antibayotiki sangawaphe, ndipo choteteza ndi katemera, monga wa chitopa wotchedwa I-2 wodonthezera m'diso. M'kuona kwanga, apa ndi pamene ndalama zambiri za gulu lathu zimatayikira.

Pobwerera tinagwirizana kuti mlembi atsegule kaundula wa mankhwala operekedwa m'khola lililonse, kuti aliyense azidikira masiku olembedwa pa paketi asanagulitse nyama kapena mazira, ndiponso kuti nkhuku zikayamba kufa tiziitana alangizi a ziweto tisanagule chilichonse. Nkhani ya ndalama zogulira katemera pamodzi idzakambidwa pa msonkhano wotsatira.