Usiku umene ndinatsala pang'ono kulandira mphoto ya Nobel

Kachipangizo kanga kanali kokwana m'chikhatho: kachidutswa ka pulasitiki yapadera yotchedwa scintillator, masentimita 5 mbali iyi ndi 5 mbali inayo, kokhala ndi kadiso kamagetsi pambali. Ntchito yake inali kuwerenga ma muon basi. Tizinthu timeneti timabadwira m'mwamba, makilomita pafupifupi 15, cheza chochokera kuthambo chikawomba mpweya. Kenako timatsika ngati mvula ya mawawa, usana ndi usiku, kuboola denga, kuboola mutu wanu, inu osamva kanthu. Muon ikadutsa mu pulasitikiyo pamaphethira kuwala kochepetsetsa, kadiso kaja n'kuwerenga. Choncho pulasitikiyo imafunika kukulungidwa bwinobwino ndi tepi yakuda. Ndinaikulunga ndekha, ndipo ndinkanyadira kwambiri ntchito ya manja anga.

Ndisanayatse kachipangizoko ndinayamba ndakamanga m'kompyuta, pa pulogalamu yoyeserera ya Geant4 yomwe amagwiritsa ntchito ku CERN, labu yaikulu ya sayansi ya ku Ulaya. Masamu ake ndi odziwika: pansi pano, pa sikweya sentimita iliyonse pamadutsa muon pafupifupi imodzi pa mphindi. Kanga kamayenera kugwira ma muon makumi awiri ndi mphambu pa mphindi. Kompyuta inavomereza.

Ndinakasiya pa tebulo, n'kuzimitsa nyali, n'kukagona. Cha m'ma 2 koloko usiku tulo tinabalalika, mtima uli dyokodyoko. Ndinadzuka, kuyatsa nyali, kuyang'ana pa sikirini. Abale inu! 30,000 pa mphindi!

Nditayang'ana zomwe kanalemba ndili mtulo, zonse zinali phee, makumi awiriawiri. Chigumulacho chinayamba nthawi yeniyeni imene ine ndinalowa m'chipindamo. Munthu wanzeru akanaima pamenepa n'kudzifunsa. Ine ndinati, taonani mwayi wanga, ndafika pa nthawi yake! Ndinakumbukira Victor Hess, amene mu 1912 anakwera baluni kupitirira mamita 5,000 m'mwamba n'kupeza kuti chezachi chimachokera kuthambo, ndipo mu 1936 analandira Nobel. Iye anavutika ndi chisanu cha m'mwambamo. Ine zanga zandipezera pa tebulo, ndili ndi buluku logonera.

Vuto linali kompyuta, yomwe inakakamirabe pa makumi awiri ake. Mmalo mokayikira kachipangizo, ndinakayikira kompyutayo. Ndinayamba kukulitsa pulasitiki ya m'pulogalamu pang'onopang'ono kuti manambala agwirizane. Pofika mbandakucha anagwirizanadi, koma kachidutswa kokwana m'chikhatho kaja kanali katakula m'kompyutamo ngati bedi la anthu awiri. Sizinandidabwitse ngakhale pang'ono. Ndinalembera aphunzitsi anga uthenga wa zilembo zikuluzikulu, n'kuwauza kuti ku Pierre Auger Observatory ku Argentina, kumene amafufuza cheza chochokera kuthambo, ali ndi matanki amadzi ogwirira chezacho oposa 1,600 omwazika pa malo okwana masikweya kilomita 3,000, koma izi sanazionepo. Chiganizo chimenecho chimandisowetsa tulo mpaka lero.

Ndinanyamula kachipangizoko kupita nako ku labu. Aphunzitsi anamvetsera nkhani yonse osandidula. Anakatembenuza kawiri, n'kukayatsa. Manambala anathamanga ngati akupirikitsidwa, ine n'kutukula chifuwa.

“Iwe, tazimitsa nyaliyo,” anatero.

Ndinazimitsa. Manambala zii.

“Tayatsa.”

Chigumula.

“Tazimitsanso.”

Anandichititsa zimenezi kasanu ndi kamodzi, anzanga onse atasiya ntchito zawo n'kudzaunjikana. Kenako anavula jekete lawo n'kuvundikira kachipangizoko nyali ili chiyakire, ndipo kanabwerera ku makumi awiri ake mwaulemu. Pangodya pamene waya amatulukira, tepi yanga ija inali itamatuka, n'kusiya kampata kosakwana n'komwe njere ya mchenga. Kadiso kopangidwira kuona kuphethira kwa muon imodzi kanali kakumwa kuwala kwa babu lonse.

“Koma aphunzitsi, kompyuta inagwirizana nazo,” ndinatero ndi mawu a munthu womira.

Anatsegula fayilo yanga, n'kuona kukula kwa pulasitiki yomwe ndinalembamo. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso.

“Chachikulu ngati bedichi unachisiya kuti? Ukabwere nacho mawa, tidzachione.”

Anandipatsa mpukutu watsopano wa tepi yakuda. Chiyambire tsiku limenelo, aliyense wofuna kuyatsa nyali mu labumo amayamba watembenukira kwa ine n'kufunsa, “A Nobel, tiyatse thambo?”