Tsiku limene ndinatcheza tiyi kuseri kwa khitchini

Mchemwali wanga atabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kabotolo ka mafuta a tea tree (kutanthauza "mtengo wa tiyi"), kamene ankati kamathetsa ziphuphu ngakhale kuti kanamudyera ndalama zambiri, ine ndinaseka chamumtima, chifukwa ndinabadwira ku Thyolo kumene tiyi amamera mpaka pakhomo. Ndinaona kuti anthu akunja akutigulitsa chuma chathu chomwe, ndipo ndinatsimikiza zoyamba kupanga sopo ndi mafuta odzola.

Pa intaneti ndinawerenga ndime ya kapangidwe yokha, imene inkati nthunzi imadutsa m'masamba n'kunyamula mafuta, kenako imazizira mumpope ndipo mafutawo amayandama pamwamba pa madzi. Ndinazindikira kuti kumeneku ndi kutcheza kachasu basi, choncho ndinapita kwa azakhali anga, amene anasiya ntchitoyo atayamba kupemphera, ndipo anandibwereka mtsuko ndi mpope atandilumbiritsa kuti abusa asamve.

Loweruka m'mamawa ndinathyola dengu la masamba m'munda wa amalume, ndinamata pakamwa pa mtsuko ndi dothi, n'kusonkha moto kuseri kwa khitchini. Dzuwa lisanafike paliwombo, abambo atatu anali atakhala kale pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi botolo m'thumba. Nditawafotokozera kuti ndikupanga mankhwala a khungu, wamkulu mwa iwo anagwedeza mutu mwachifundo nati, "Mwana wanga, otcheza onse amayamba ndi kukana." Madontho oyamba atagwa anatchera chikho, analawa, anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandifunsa ngati m'nyumba munali shuga ndi mkaka.

Mafuta sanatuluke ngakhale dontho. Mchemwali wanga, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, anandilozera mawu aang'ono pa kabotolo kaja akuti Melaleuca alternifolia. Mtengowu kwawo ndi ku Australia, m'madambo a New South Wales ndi kumwera kwa Queensland, ndipo ndi m'bale wa bulugama, osati wa tiyi. Anthu a mtundu wa Bundjalung, eni nthaka a kumeneko, ankaugwiritsa ntchito pa zilonda kalekale, wasayansi wa ku Australia Arthur Penfold asanayeze mphamvu yake yopha tizilombo m'ma 1920. Ndinawerenganso kuti makilogalamu 100 a masamba enieniwo amatulutsa kilogalamu imodzi kapena awiri okha a mafuta, ndiponso kuti mafutawo ndi poizoni ukawamwa, kutanthauza kuti ndikanapambana, mkulu wolawa uja tikanathamanga naye ku chipatala.

Utsi uja unaonekera kutali ndithu. Lamulungu azakhali anaitanidwa ndi akulu a mpingo, ndipo ine ndinapita monga mboni, nditanyamula botolo la madzi onunkhira tiyi. Akulu anayi analawa mosinthana asanapereke chigamulo, ndipo mmodzi anapempha kulawanso kachiwiri kuti atsimikize.